Ndowa asenza mokwanira, apatseni mpeni womangira

Mukadzuka m'mamawa n'kudutsa ku Machinjiri, ku Chigumula kapena ku Mpemba, komwe nyumba zatsopano zikuphuka ngati bowa wa m'dzinja, muime pang'ono pamalo amodzi pomwe akumanga, muone amene afika kale. Oyamba kufika si amisiri ayi. Ndi amayi. Dzuwa likamatuluka amakhala atayenda kale maulendo angapo kuchokera kumjigo kapena kumtsinje, ndowa ili pamutu, kudzaza migolo kuti bilida akamafika apeze madzi okandira simenti alipo. Mchenga umene waunjikidwa pambalipo, nthawi zambiri anauvuula mumtsinje ndi amayi. Miyala ya konkire anaiswa ndi hamala ndi amayi ena amene amaswera m'mbali mwa msewu, mwana ali kumsana. Ndiye ndikamva anthu akunena kuti tilimbikitse amayi kulowa ntchito ya zomangamanga, ndimavomereza, koma ndimaona kuti tayambira pakati. Amayi analowa kalekale. Chimene sanapatsidwe ndi mpeni womangira, levulo ndi tepi, zida zimene zimasiyanitsa waganyu ndi mmisiri, komanso zimene zimasiyanitsa ndalama zomwe awiriwa amapita nazo kunyumba.

Chifukwa chimene anthu amathamangira kutchula n'chakuti ntchitoyi ndi yamphamvu, mkazi sangaithe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20. Mgolo wa malita 200 umadzaza ndi ndowa 10. Mayi amene wadzaza migolo itatu patsiku wasenza makilogalamu 600 pamutu pake, ndipo m'Blantyre muno, mzinda wa zitunda, sanayende nawo pachidikha. Nanga njerwa imodzi yowotcha imalemera bwanji? Mwana wasukulu amainyamula ndi dzanja limodzi. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, chimodzimodzi thumba la chimanga limene amayi amalimbana nalo chaka ndi chaka pokolola, ndipo ngakhale amuna pamalo omanga amagwirizana awiri kapena amaliika pawilibala. Ntchito yolemetsa kwambiri pa nyumba ndi imene amayi akugwira kale, ndipo ndi imene imalipidwa pang'ono kuposa zonse. Kumanga khoma kumafuna zina: diso loona chingwe, dzanja lodekha, kudziwa kuti thumba limodzi la simenti lilandire mchenga wochuluka bwanji, ndi kamasamu kakang'ono monga kaja koyezera kona, kuti mbali ina ikakhala 3, ina 4, chingwe chopingasa chikhale 5. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimamera ndi ndevu.

Vuto lenileni lili pa njira imene luso limadutsa kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake. Amisiri ambiri amene amanga nyumba za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni sanaphunzire m'kalasi. Anayamba ali anyamata okanda matope ndi kuperekera njerwa. Mnyamata wotere amaswera pafupi ndi bilida, amaona mmene akukokera chingwe, amamva akamatukwana chifukwa matope auma kwambiri, ndipo tsiku lina bilida akatopa amamuuza kuti tamaliza mzere uwu. Amayamba ndi khoma la m'kati lomwe pulasitala adzabisa zolakwika zake. Pakatha chaka kapena ziwiri amatenga kantchito kake ka mpanda, kenako ka nyumba ya zipinda ziwiri, basi wasanduka mmisiri. Sukulu yaikulu ya zomangamanga m'dziko muno ndi imeneyi, ndipo ilibe fizi. Koma mayi wotunga madzi ntchito yake imathera pamgolo. Akakhuthula ndowa amatembenuka kubwerera kumjigo. Atha kugwira zaka khumi pa nyumba makumi angapo osaima ngakhale ola limodzi pambali pa khoma. Chitseko chimene chatsekedwa ndi chimenechi, ndipo amene ali ndi kiyi si nduna kapena phungu, ndi bilida, folomani ndi mwininyumba.

Izi ndinaziona ndi maso pamene ndinkamanga kanyumba kanga zaka zingapo zapitazo. Panali mayi wina wa ana atatu amene ankatitungira madzi. Tsiku lina madzulo amisiri ataweruka anandiyandikira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, pepani ndilankhuleko. Khoma lakuserili lapendekeka, ndipo matope a lero achuluka mchenga." Mawa lake tinaikapo levulo, ndipo zinalidi choncho. Nditawafunsa kuti adziwa bwanji, anati atunga madzi pa nyumba zambiri, ndipo amaona makoma amene amagumulidwa ndi amene amatsala. Ndinapempha bilida kuti awaike pagulu la operekera njerwa, awaonetseko ntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bwana, mukufuna anzanga azindiseka? Mzimayi pakhoma?" Sananene kuti mayiwo sangathe. Chimene chinkamuvuta chinali maso a anzake. Anavomera chifukwa wolipira ndinali ine. Mizere yawo yoyamba inali yokhota monga imakhalira ya wophunzira aliyense, inagumulidwa, anayambiranso. Pofika kumapeto, khoma lakumbuyo la bafa ndi chimbudzi chapanja anamanga okha kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Manyazi a bilida uja sindikuwapeputsa, chifukwa ali ndi mizu. Kwathu kuno kum'mwera, komwe ambiri timatsata chikamwini, mwamuna akalowa m'mudzi wa mkazi wake chinthu choyamba chimene akuchimuna ndi akuchikazi omwe amayang'ana ndi nyumba imene wamanga. Mkamwini wosatha kuimika nyumba salemekezeka. Choncho kumanga kunalumikizana ndi umuna, ndipo mkazi akagwira mpeni womangira ena amamva ngati alandidwa kanthu. Komatu tikayang'anitsitsa nyumba ya kumudzi yomweyo, manja a mkazi ali ponseponse. Amamweta udzu wofolerera ndani? Amatunga madzi oumbira njerwa ndani? Kumata ndi kuzira, kusalaza pansi ndi nkhulungo mpaka kuwala, kusankha dothi lakuda, lofiira kapena loyera lokongoletsera khoma, zonsezi ndi za amayi, ndipo mtsikana amaphunzira kwa amayi ake asanathe msinkhu. Kuzira n'chiyani ngati si pulasitala wa makolo? Pamene dothi linasanduka simenti, ndipo ntchitoyo inayamba kubweretsa ndalama, m'pamene inasanduka ya amuna okha.

Pali chinanso chimene achinyamata ambiri sadziwa. Kuyambira mu 1973, lamulo la kavalidwe linkaletsa amayi kuvala thalauza pagulu m'dziko muno, ndipo linachotsedwa pokhapokha mphepo ya matipate itawomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zaka pafupifupi makumi awiri mkazi sakanatha kuvala ovolosi n'kukwera makwerero popanda kuopa. Amisiri akuluakulu amene akuphunzitsa anyamata lero anakula nthawi imeneyo. Akamanena kuti sanaonepo mkazi padenga, akunena zoona, koma chimene sanaone chinatsekerezedwa ndi lamulo la anthu, osati chilengedwe.

Mzinda uno uli ndi umboni wake wakuti luso limaphunziridwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire ntchito yojambula mapulani, pamodzi ndi anthu a kuno amene anaphunzira kuumba, kuwotcha ndi kusanja njerwa ali pantchito pomwepo. Patha zaka zoposa 130, chikadaima. Amene anachimanga sanabadwe ali amisiri. Anapatsidwa mpata woima pambali pa khoma.

Njira ya kusukulu iliponso, ndipo ili pafupi. Soche Technical College ili momwe muno. Ku Chichiri kuli yunivesite ya MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Poly, komwe amaphunzitsa uinjiniya wa misewu ndi milatho, kujambula mapulani a nyumba, kuyeza malo ndi kuwerengera zipangizo ndi ndalama zomangira. Kumeneko dzina la Theresa Mkandawire, katswiri wa uinjiniya wa zomangamanga amene anatsogolerapo gawo lonse la maphunziro a uinjiniya, likudziwika, ndipo mtsikana wa ku Zingwangwa ayenera kulimva asanasankhe maphunziro a Fomu 3. Ndikutero chifukwa ambiri amataya mwayiwu pamenepo, pamene wina wamkulu amawauza kuti masamu ndi sayansi n'zovuta, atengeko zopepuka. M'mera m'poyamba. Mtsikana amene wasiya sayansi ali ndi zaka 15 watsekeredwa uinjiniya asanadziwe n'komwe kuti n'chiyani.

Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limayendetsa maphunziro a ntchito zamanja ndi ndalama zimene olemba ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. M'malipiro amenewo muli thukuta la amayi ogwira m'mabanki, m'masitolo ndi m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, choncho ana awo aakazi ali ndi gawo lofanana pa ndalamazo. Lamulo la 2013 loona zakuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena kuti m'sukulu za ukachenjede, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Ndi lamulo labwino, koma chiwerengero cha sukulu yonse chimatha kubisa zambiri. Mukalowa m'kalasi ya zosoka kapena ya ntchito za muofesi mupeza atsikana adzaza. Mukapita komwe akuphunzira kumanga, ukalipentala, mapaipi, zamagetsi ndi kuwotcherera, muwawerenga ndi zala. Ndikanakonda kuti sukulu iliyonse ya ntchito zamanja iziulutsa chiwerengero cha atsikana kalasi ndi kalasi, osati chophatikiza.

Makolo anzanga, taganizani za msika. Sindikunyoza utelala kapena saluni, ndi ntchito zaulemu zimene zalera ana ambiri. Koma telala wa lero akupikisana ndi kaunjika wa ku Limbe, ndipo pamsewu umodzi wa ku Ndirande masaluni amayang'anizana makomo. Pamene munthu wodziwa kuyala matailosi mowongoka, kapena pulambala amene akakonza paipi siidonthanso, anthu amapatsirana nambala yake ngati mankhwala osowa, ndipo amadikira kuti amalize kwina. Amisiri abwino ambiri anapita ku Joni. Tikamaumiriza atsikana onse kulowa pakhomo limodzi lopapatiza pomwe khomo lina lili pululu, tikuwasankhira umphawi ndi manja athu, uku tikuganiza kuti tikuwateteza.

Komabe sindingauze kholo kuti tumizani mwana wanu wamkazi kumalo omanga n'kubisa zimene akakumane nazo. Malo ambiri omanga m'Blantyre alibe chimbudzi choti mkazi n'kulowa momasuka, ena alibiretu, amuna amangopita kuseri kwa khoma. Palibe posinthira zovala. Majombo ndi maovolosi amagulidwa a saizi ya amuna, ndipo nsapato yaikulu pamakwerero ndi ngozi. Choopsa koposa ndi folomani amene amagawa ganyu ya mawa poyang'ana amene wamusekerera, ndi mawu otukwana amene mtsikana amauzidwa kuti angozolowera poti ndi mmene amuna amachezera. Ophunzira amene apita kukaphunzira ntchito kumakampani ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa amene akuwavutitsa ndi yemweyo adzasaine fomu yawo. Ichi si chifukwa chotsekera atsikana kunyumba. Ndi chifukwa chogwirira olakwawo. Lamulo la 2013 lija limati kuvutitsa munthu pofuna chiwerewere ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende. Kontirakita amene amatha kulemba alonda oteteza simenti kuti isabedwe angathenso kuika munthu woti mtsikana akadandauleko mosaopa kuchotsedwa, ndipo angathe kukumba zimbudzi ziwiri m'malo mwa chimodzi asanayambe maziko.

Nanga mimba? Funsoli olemba ntchito amalinong'ona, ena amalinena poyera. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo limanenanso kuti ntchito yofanana ilipidwe mofanana. Masabata asanu ndi atatu pa zaka zitatu. Aliyense amene anamangapo nyumba akudziwa kuti ntchito imaima nthawi yaitali kuposa pamenepo chifukwa simenti yasowa, ndalama zatha kapena mvula yakula, ndipo palibe amene amati tileke kumanga. Ndipo mayi wotunga madzi uja amatenganso mimba, amasenza ndowa mpaka mwezi wotsiriza, palibe amene amamudandaulira. Nkhawa imayamba pokhapokha akafuna ntchito ya malipiro abwino.

Ena adzati ntchito n'zosowa kale, anyamata ali mbwee pa Ginnery Corner ndi m'madepoti, bwanji tiwonjezere opikisana nawo. Ndimawamvetsa. Koma chimene chikusowa si nyumba zoti zimangidwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo akuchulukirachulukira, aliyense akufuna pogona. Chimene chikusowa ndi manja odziwa kumanga bwino. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anationetsa zimenezi mowawa. Ku Chilobwe, komwe matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche, palibe mmisiri amene khoma lake likanaima, ndipo nkhani ya kumeneko ndi ya malo amene anthu anakakamizika kumangapo. Koma m'madera ena ambiri nyumba zinagwa ndi mvula yokha: maziko osazama, njerwa zosapsa zomangidwa ndi dothi, popanda pepala loletsa chinyezi, popanda ngalande yopatutsa madzi. Mzinda umene uli ndi ntchito yochuluka chonchi yokonza sungakwanitse kusiya theka la anthu ake pamgolo.

Sindikunena kuti mkazi mwachibadwa ndi wokhulupirika kapena waukhondo pantchito kuposa mwamuna, monga ena amakondera kunena pofuna kukometsa nkhaniyi. Mawu amenewo ndi msampha, chifukwa tsiku limene mmisiri wamkazi adzalakwitse adzati mwaona. Adzakhalapo aluso ndi osalongosoka, monga alili amuna. Chimene ndikunena n'chakuti luso likagawidwa kwa anthu ambiri, onyenga amachepa mphamvu. Taonani amene akumanga nyumba zambiri zing'onozing'ono m'makwalalamu: amayi a geni, aphunzitsi, anamwino, amayi amene atolera ndalama ku banki mkhonde, kugula malata awiriawiri mpaka akwane. Ambiri mwa iwo amauzidwa kuti matumba khumi a simenti atha pomwe alowa asanu ndi limodzi, ndipo alibe wowafunsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lililonse lotayika linasanduka bala. Mayi amene mchemwali wake kapena mnzake wa kumpingo ndi bilida sanamizidwa chimodzimodzi.

Nthawi yabwino yotsegula chitseko ndi ino, chifukwa kamangidwe kakusintha. Mu 2018 bungwe la NCIC, lomwe panthawiyo linkayang'anira ntchito za zomangamanga, linatulutsa malamulo oletsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Aliyense woyang'ana phiri la Ndirande lero akudziwa chifukwa chake. M'malo mwake mukubwera mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi losakaniza ndi simenti zopanikizidwa ndi makina. Pa zipangizo zimenezi, pa magetsi a dzuwa, pa matanki ndi mapaipi apulasitiki, amisiri akale nawonso akuphunzira kumene. Palibe amene anganene kuti iyi ndi ntchito ya makolo athu aamuna. Gulu la amayi amene lero akuswa miyala likhoza kukhala ndi chikombole cha mabuloko, koma lifunika wina aliphunzitse kasakanizidwe koyenera ndi kuthirira mabulokowo masiku okwanira, chifukwa buloko yosakhwima imapha mbiri ya woumba ndi nyumba yomwe.

Boma ndi khonsolo ya mzinda ndiwo ogula aakulu a ntchito zomanga, ndipo wogula wamkulu amaika mfundo zake. Popereka ntchito ya sukulu, msika, ngalande kapena msewu, alembe m'pangano kuti mwa ophunzira ntchito ndi amisiri pakhale akazi angapo, ndipo woyendera akabwera asawerenge amayi ogwedeza mbendera yofiira pamsewu kapena osesa, awerenge amene agwira zida. Mipingo imene ikumanga matchalitchi ndi nyumba za abusa ichitenso chimodzimodzi. Amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a m'mipingo amatuta njerwa ndi mchenga pa chitukuko chilichonse, kwaulere, akuimba. Pa ntchito yomweyo atsikana awiri a mumpingomo akhoza kuima pambali pa bilida mpaka denga. TEVETA nayo ili ndi njira yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa munthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi. Njirayi ifike kumene kuli anthu ake, m'Chichewa, pawailesi ndi pamalo omanga, chifukwa mayi wa ku Mbayani amene analekeza Sitandade 6 sadzaipeza pa intaneti.

Ndipo ife eninyumba ang'onoang'ono tili ndi mphamvu imene sitiigwiritsa ntchito. Pokambirana mtengo ndi bilida timatchula chilichonse, malata a geji yanji, mawindo angati, ndalama zilipidwa liti. Tingathe kuwonjezerapo chimodzi: mwa okuthandizani, mmodzi akhale mkazi, aime pakhoma osati pamgolo, ndipo alandire zofanana ndi mnzake wamwamuna. Bilida ang'ung'udza tsiku loyamba, monga anachitira wanga, koma ntchito aifuna.

Mwininyumba mmodzi sakwanira, ndipo izi ndinaziphunziranso pa nyumba yomwe ija. Ndalama zanga zitatha ntchito inaima, amisiri anabalalika. Mayi aja analibe pepala lililonse losonyeza zimene anaphunzira, ndipo bilida sanawatenge popita ku ntchito yake yotsatira. Patapita miyezi ndinakumana nawo kutsidya kwa dambo, pa nyumba ina yaikulu imene inali itangofika pamawindo. Anali ndi nkhata pamutu ndi ndowa yodzaza. Tinapatsana moni, ndinawafunsa ngati folomani wa pamenepo akudziwa kuti amatha kumanga. Anati anamuuza tsiku loyamba, iye anaseka n'kuwalozera migolo. Anandifunsa ngati khoma lawo la bafa lija linapirira mvula ya Freddy. Ndinawauza kuti lilipo, lilibe mng'alu ngakhale umodzi. Anagwedeza mutu pang'ono kuopa kutaya madzi, n'kupitiriza kukwera chitunda.